Keke Yotembenuza ya Anasimbi

Anasimbi ndi mayi aja amasita zovala pa shopu yochapira ya pakona, moyang'anana ndi poimira mabasi. Ukalowa umayamba waona nthunzi, kenako nkhope yozungulira ikutuluka mu nthunzimo, kenako mkono wamanja uli uku ndi uku pamwamba pa malaya a eni ake. Dzinalo tinawapatsa ndife a mumsewu muno. Lawo lenileni lija limangomveka akakhala pamzere kuchipatala.

Nyumba yawo ndi yathu n'zogundizana, khoma ndi limodzi, ndipo khoma limenelo silidziwa kutseka pakamwa. Akatsokomola iwo, kuno timayamba kufunafuna mankhwala. Ndiye nkhani iyi mbali ina inabwera ndi khoma, ina anaitaya okha tikuyanika zovala kuseli, yotsalayo inachokera kwa mwana wawo, yemwe akayamba kulira amaulula ndi zomwe sunamufunse.

Anakwatiwa ali kamtsikana, mayi alibe, bambo alibe, atakulira kwa azakhali amene ankabisa shuga kuchipinda. Mwamuna wawo anali woyendetsa basi, wa pakamwa potsekemera, aja timangoti a Dalaivala. Koma chimene chinawakopa kwenikweni si a Dalaivalawo ayi. Linali banja lawo. Banja lalikulu, laphokoso, anthu olankhula onse nthawi imodzi, uyu akuseka, uyu akutukwana, koma onse n'kumamvana. Anasimbi anakula akudyera pakona okhaokha, ndiye atalowa m'phokoso limenelo anangoti apa ndiye ndafika.

Banja limeneli lili ndi lamulo lake pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Onse amakumana kwa makolo kudya limodzi masana. Apongozi aamuna, malemu tsopano, anali kalipentala, ndipo tebulo lalikulu la m'nyumbamo ndi mipando yake yonse anakhoma okha. Ndiwo anayambitsa zoti mbale imodzi, mpando umodzi. Wamkulu aliyense amabwera ndi chakudya chake chodziwika, chomwecho chaka ndi chaka, ndipo cha mnzake salowerera. Wa mpunga ndi wa mpunga, wa nyama ya mu uvuni ndi wa nyama. A Dalaivala anali a nkhuku yootcha, mlongo wawo wamng'ono anali wa saladi wa mbatatesi. Ukabwera chimanjamanja, ukadyere pakhonde ndi ana ndi alendo. Akuti poyamba kunali kumuseka chabe mwana wawo wina waulesi amene ankangobwera ndi mimba. Koma nthabwalayo inakhalitsa mpaka inauma, moti anthu a ndevu zawo afika posalankhulana mwezi wathunthu chifukwa wina wabwera ndi nyemba pomwe nyemba zili ndi mwini.

Chaka choyamba Anasimbi anadyera pakhonde, mwana wa eni ake ali pamiyendo, akusuzumira pawindo. Zakudya zonse zinali ndi eni ake kale. Koma anaona chinthu chimodzi: anthuwo akakhuta ankangomwa tiyi, chotsekemera panalibe. Chaka chachiwiri anafika ndi poto atamukulunga m'thawulo.

Inali keke ya mango yotembenuza. Anaionera kwa mayi wina amene ankamugwirira ntchito ya m'nyumba asanakwatiwe. Nyengo imeneyo mango amakhala mbwee pamsika, ogulitsa amachita kukukoka dilesi. Umasungunula shuga ndi batala pansi pa poto, n'kuyalapo mango odula mopyapyala, n'kuthira zosakaniza za keke pamwamba. Ikapsa, ukaisuzumira mu potomo ndi keke wamba yosapatsa kaso. Kukongola konse kuli pansi. Ndiye anthu akatha kudya, amatenthetsako poto pang'ono kuti shuga amasuke, n'kukaitembenuzira patebulo pomwepo onse akuona. Mbale pamwamba, dzanja lina pansi, tembenu. Kenako zii, kudikira kuti imveke ikugwera m'mbale. Poto akachoka, mango aja ali pamwamba, ali waliwali, madzi a shuga akutsetserekera m'mbali.

Tsiku limenelo apongozi aamuna anadya, anapempha ina, kenako anadzuka n'kukatenga tepi yoyezera matabwa. Anawayeza Anasimbi kuchokera pabondo kufika pansi, anthu akufa nako kuseka. Chaka chotsatira mpando unalipo, wofupika miyendo poti Anasimbi ndi aafupi. Unali mpando womaliza kukhoma mkuluyo. Atamwalira, apongozi aakazi ananenetsa kuti patebulo la amuna awo sipadzafika mpando wogula kusitolo. Ndiye mipando ndi yomwe ija mpaka lero. Kuti wina akhale, wina adzuke.

Kuyambira pamenepo, ife a mumsewu muno kutha kwa chaka sitinkakudziwira pa kalendala. Tinkangomva fungo la shuga wopsereza likulowa ndi pawindo. Anasimbi ankayamba aphika yoyesera, kuti aone ngati mango a chaka chimenecho ali ndi madzi ambiri, ndipo yoyeserayo inali yathu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, timamuti Kamodzi, wakula akupala poto ameneyo ndi supuni. Pano ndi wamkulu, amagwira ntchito kogulitsa mankhwala, amakhala payekha, ndipo naye analowa patebulo ndi zakumwa atasamukira kutali amalume ake ena.

Zaka zingapo zapitazo a Dalaivala anatsika basi n'kukwera galimoto ya mkazi wina wogwira ntchito ku banki. Anasimbi sanachite phokoso. Khoma linangotiuza kuti mpopi wa kubafa ukukhala wotsegula nthawi yaitali. Sabata yomweyo apongozi aakazi anabwera okha ndi ndodo yawo, n'kukhala pa sofa, n'kulira kuposa mwini wake wosiyidwayo.

"Wachoka ndi iyeyo, mwana wanga," anatero. "Iwe sunachoke. Mpando uja anakukhomera ndi bambo ako. Ine ndili moyo, palibe adzaukhale."

A Dalaivala anauzidwa kuti akafuna kubwera ndi Wakubanki wawoyo, azibwera mawa lake kudzadya zotsala. Iwo ananyanyala, osapondakonso pa tsikulo. Mpando wawo unasanduka poika zikwama za amayi.

Amene anaima nawo kwambiri Anasimbi ndi mlamu wawo, mlongo wa a Dalaivala wa saladi uja, yemwe ali ndi saluni kumsika. A Saluni ndi munthu wa pakamwa. Anawatukwana achimwene awo pamsewu anthu akuona, mpaka ogulitsa nthochi anasiya malonda kudzamvetsera. Loweruka madzulo ankabwera kudzawaluka tsitsi Anasimbi pakhomo, osalandira kanthu, uku akujeda makasitomala awo mmodzimmodzi. Awiriwo ankabwerekana nsapato. Anasimbi ankakonda kunena kuti ukwati unawasiyira zinthu ziwiri zabwino, mwana ndi mlamu.

Chaka chathachi dzanja linayamba kuvuta. Simbi ija yawadya polumikizira dzanja ndi mkono apa, moti masiku ena amapita kuntchito atamanga bandeji. Mango atangoyamba kuoneka pamsika, a Saluni anatulukira ndi thumba lodzaza.

"Alamu, ndi dzanja limenelo mukufuna mudzatigwetsere keke pamiyendo pa amayi? Ndiphunzitseni, ndizikuthandizani."

"Inu? Munthu woti madzi a tiyi amakupsererani?"

"Linali tsiku limodzi lokha, ndipo ndinali pa foni."

"Ndiye ndi liti simukhala pa foni?"

Anaseka, koma Anasimbi mumtima zinawakhudza. Zaka zonsezi anthu ankadya n'kunyambita zala, koma palibe anafunsapo kuti zimatheka bwanji. Kamodzi naye ankati kukhitchini kumamutentha. Keke imeneyi ili m'manja mwawo basi, ndipo masiku ena akusita ankadzifunsa ngati adzapite nayo kumanda. Ndiye atapeza wofuna kudziwa, ndiponso mlamu wawo weniweni, anatsegula zonse osasiyako kanthu.

Lamlungu lililonse masana khoma linkatiphunzitsa nafe. Mango asakhale aulusi, ndipo ukadina ndi chala azikana pang'ono. Shuga ali pamoto usamutakase, uzingopendeketsa poto mpaka afanane ndi tiyi wopanda mkaka. Akafika pa khofi, wataya. Ndimu pang'ono pa mango, kuti kutsekemera kusakole. Mazira limodzilimodzi.

"Fulawa ameneyo musamumenye choncho, alamu. Si achimwene anu."

"Akanakhala achimwene ndikanatenga mpini."

Chachikulu ndi nthawi yotembenuza. Ikatentha kwambiri imaphwasuka, ikazizira imakakamira. Anasimbi amayesa m'mbali mwa poto ndi kuseli kwa dzanja, monga amayesera simbi kuntchito.

"Mukatha kupirira osachotsa dzanja msanga, ndiye kuti yafika. Pamenepo musakayikenso. Mukaima pakati, nayo iima pakati."

Yoyamba ya a Saluni inatuluka theka, theka lina linatsala mu poto. Ina inapserera kunsi. Ina inaoneka bwino koma m'kati munali phala. Ife akuseli kwa khoma tinanenepa mwezi umenewo. Anasimbi sanatope. Ankabwera kuntchito miyendo itatupa, n'kuimabe pambali pa mlamu wawo, kumugwira manja, kumuonetsa poika chala chachikulu kuti mbale isaterereke.

Tsiku lina a Saluni anafunsa atafulatira, akutsuka mbale pa sinki.

"Nanga mu uvuni wamagetsi zingatenge nthawi yofanana?"

"Wamagetsi mwagula liti? Si wa gasi uja muli nawo, wofanana ndi wangawu?"

"Ndangofunsa. Mwina ndidzalemera."

Anasimbi anayankha bwinobwino, kuti wamagetsi umaumitsa pamwamba, ndiye poto azikhala m'munsi, ndipo chakumapeto avindikire. Sanaganize kanthu.

Tchuthi chitayandikira, keke ya a Saluni inatuluka yonse, yosalala, mango ali m'malo mwake. Anasimbi anavina m'khitchinimo ndi bandeji yawo. Ndi tsiku limenelo a Saluni ananena zija.

"Chaka chino mupume. Ndikaphika ndine mu poto wanu yemweyu, ndidzabwera nayo. Inu mudzangotchena, n'kudzatembenuza."

"Nanga lamulo? Ndikafike chimanjamanja?"

"Mbale ndi yanu, alamu. Ine ndine manja chabe. Ine ndili ndi saladi wanga. Mipando iwiri ndingakhalepo bwanji, ngakhale ndanenepa chonchi?"

Anaseka onse awiri. Anasimbi anamukulunga okha poto m'thawulo lija, n'kuwaperekeza alamu awo mpaka pokwerera basi.

Dzulo lake la tsikulo Kamodzi anaimba foni kuti iye atsogola kwa agogo, akathandize kusesa. Zaka zonse ankapitira limodzi, mayi atanyamula poto pamiyendo, mwana atanyamula zikwama. Analankhula mofulumira ngati foni ikumuotcha, koma mayi ake anangoti ana a masiku ano ndi otanganidwa.

M'mawa wa tsikulo Anasimbi anatuluka atavala dilesi la buluu, tsitsi litalukidwa kumene ndi a Saluni. Anaima pakhomo pathu n'kuzungulira.

"Tandionani. Lero ndine bwana, ndikungoyenda ndi kachikwama."

Koma akuti m'basi manja anawasowetsa mtendere. Ankawaika pamiyendo, n'kuwachotsa, n'kugwira chikwama, ngati munthu amene waiwala kanthu kunyumba koma sakukumbukira kuti n'chiyani.

Pageti la apongozi panaima galimoto yoyera. Anaidziwa asanafike pafupi, poti ndi yomwe inawatengera mwamuna. Pabwalo panali fungo la nkhuku yootcha, ya adyo wambiri, fungo limene linasowa pakhomopo zaka zingapo. Anaima kaye. Kenako anadziuza kuti mwina angodutsa kudzapereka moni, n'kuzungulira kukalowera khomo la kukhitchini monga mwa masiku onse.

M'khitchinimo munali Wakubanki, mkazi wamtali woonda, atavala epuloni, thawulo la Anasimbi lili paphewa. Anali atagwira sefuliya yopanda kanthu, mbale ili pamwamba, akuyeserera kutembenuza. A Saluni anali pambali pake akumukonza chala chachikulu. Poto wa Anasimbi anali pa shelefu, atavindikiridwa.

A Saluni anacheuka.

"Alamu. Mwafulumira."

Wakubanki anaika sefuliya pansi, n'kupukuta manja ouma kale. "Muli bwanji, amayi?"

"Ndili bwino, kaya inu," anatero Anasimbi, poti pakamwa pamayankha moni pokha ngakhale mutu utaima.

Anadutsa kulowa pabalaza. Apongozi anali pa sofa, a Dalaivala ali pambali pawo, imvi zitayamba, maso ali pa nsapato zawo. Kamodzi anali kutebulo akuyala mafoloko, atafulatira, ndipo sanacheuke.

"Wafika, mwana wanga," anatero apongozi. "Tabwera kuno ndikuone. Tsitsi lakukhala bwanji." Anawagwira manja onse awiri, n'kuwatembenuza, n'kusisita pa bandeji. "Dzanja lija ndinamva. Wachita bwino kupuma. Nanga lero watibweretsera chiyani?"

Anafunsa mofatsa, ngati sakudziwa. Banja laphokoso lija linangoti zii. Wina anachepetsa wailesi.

"Keke ija, amayi. Alamu anati aphika iwo, ine ndidzango..."

"Keke waphika ndi mnzakoyu, kunyumba kwake, ndi manja ake. Wayesetsa mwana wa eni ake, akuti mwezi wonse wakhala akuphunzira." Apongozi anapumira m'mwamba. "Lamulo si langa, ukudziwa iwe. Ndi la bambo ako. Ine ndingalisinthe bwanji eni ake kulibe? Takukonzera malo abwino pakhonde, pamthunzi."

Anasimbi anayang'ana uku ndi uku. Amalume a mpunga anali kupukuta magalasi. Wa nyama ya mu uvuni anali kufunafuna mpeni umene unali m'manja mwake. Pamenepo ndi pomwe Anasimbi anazindikira kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadabwa. Onse ankadziwa. Anthu oti sasunga nkhani ngakhale ya mimba ya mphaka, iyi anaisunga mwezi wathunthu.

Akanatha kutembenuka n'kumapita. Koma sanafune kuti adzanenedwe kuti anathawa akulira. Anatuluka pakhonde n'kukhala pa mpando wa pulasitiki, pakati pa ana ndi bambo wina mlendo, mnzake wa kuntchito wa mmodzi wa azilamu. Bamboyo anali wochezeka. Anawapatsira mchere, n'kuyamikira mpunga.

"Nanga inu mayi, ndinu ndani wawo pano?"

Anasimbi anatafuna nthawi yaitali.

"Ndine mayi wa mtsikana uyo wa zakumwayo."

Windo la pabalaza ndi lalikulu, ndipo mpando wawo wofupika miyendo uja unali moyang'anana nalo. Wakubanki anakhalapo mawondo ali m'mwamba, chibwano chitatsala pang'ono kugunda mbale, poti mpandowo sunayezedwe pa iye. Ankadya pang'onopang'ono, maso ali ku khitchini. A Dalaivala anali atayambiranso nthabwala zawo za m'basi, apongozi akuseka mpaka kupukuta misozi. Kunena zoona, mayi wokalambayo anali asanasekepo choncho chichokereni mwana wawo. Anasimbi anaziona zimenezonso, ndipo sizinawachepetsere ululu.

Mbale zitachotsedwa, poto anabwera. Ana onse a pakhonde anathamangira pawindo. Anasimbi sanadzuke, ankaonera pamwamba pa mitu yawo. Okha anatiuza, Mulungu awakhululukire, kuti anapemphera kuti ikakamire. Ituluke theka, anthu ayang'anane, wina anene kuti itanani eni ake. Koma uku akupemphera choncho, manja awo pamiyendo anali akuyenda okha, lina pamwamba lina pansi.

Wakubanki anayesa poto ndi kuseli kwa dzanja. Anadikira. Anayesanso. Anaika mbale, chala chachikulu pamalo pake. Sanaime pakati. Tembenu. Ndipo m'chetemo, mpaka pakhonde inamveka ikugwa, phwa.

Inatuluka yonse. Mango ali waliwali, osasowa ndi kachidutswa komwe. Anthu anaomba m'manja, a Dalaivala anaimba mluzu. Kamodzi naye anaomba, kenako anayang'ana kuwindo, manja n'kuima m'malere.

Ndi Kamodzi yemweyo anabweretsa kambale pakhonde. Anasimbi anadula ndi foloko, n'kuika m'kamwa, akufunafuna cholakwika. Shuga anali wa mtundu wa tiyi. Ndimu analimo, wokwanira. M'kati munali mofewa, pamwamba posauma. Inali keke yawo yeniyeni, yophunzitsidwa bwino.

"Unadziwa?" anafunsa osakweza mawu.

Kamodzi anagwada pambali pa mpando, misozi ili kale m'masaya. "Agogo anati ndisakuuzeni, akuuzani okha. Adadi nawo anandiimbira. Amama, ine ndimangofuna tsiku limodzi ndidye muli nonse awiri."

"Ndiye wadya tili tonse awiri?"

Anasimbi anamupatsa kambale kaja, n'kumuuza kuti apukute kumaso, alendo akuona.

Anasimbi anakawapeza a Saluni kuseli pa mpopi, akutsuka mbale zomwe sizinali ntchito yawo kutsuka. Anasimbi anangoima.

"Alamu, musandiyang'ane choncho."

"Ndikukuyang'anani bwanji?"

"Amayi akhala akulira chaka chonse. Matenda a shuga akula, maso akufa. Tsiku lililonse akuti ndifa mwana wanga asanakhalenso patebulo la bambo ake. Achimwene nawo akuti sindibwera ngati mkazi wanga akadyere pakhonde. Chakudya chilichonse chili ndi mwini. Ine ndikanatani? Ndi mayi anga."

"Mukanandiuza."

"Mukanalola?"

"Kaya. Mwina ndikanalira sabata yonse, kenako n'kumuitana mtsikanayo ndekha. Mwina ndikanakana. Koma bwenzi nditafunsidwa. Inu munabwera ndi mango kunyumba kwanga. Ndinakugwirani manja ndi dzanja lopwetekali. Lamlungu kwa ine, Lolemba kwa iye, si choncho?"

A Saluni anapitiriza kupukuta mbale imodzi yomweyo.

"Ndi tsitsili munandiluka kuti ndidzaoneke bwino pakhonde."

"Tsitsilo ayi, alamu. Tsitsilo ndinaluka ndi mtima wonse."

"Ndiye zoopsatu, ngati mumatha kuchita zonse ziwiri ndi manja omwewo."

Madzi anali kusefukira m'beseni. Palibe anatseka mpopi.

"Poto ndikubweretserani mawa," anatero a Saluni.

"Musiyeni. Azolowerana."

Anasimbi anatulukira kageti ka kumbali osatsanzika. Ife tinawaona akufika dzuwa lisanalowe, pomwe zaka zonse ankabwera kutada, akuimba. Sanalowe m'nyumba. Anakhala pa sitepe ndi dilesi la buluu lomwelo n'kuyamba kumasula tsitsi, ndi dzanja limodzi poti linalo linkakana. Tinakawathandiza kumbuyo komwe samafikira. Palibe anafunsa kanthu tsiku limenelo, ngakhale m'kamwa munkatiyabwa.

Loweruka a Saluni anabwera nthawi yawo ija, ndi chikwama cha zipeso. Anagogoda, anaitana, anayesa ndi nthabwala ya kasitomala wina amene wigi inamugwera m'basi. Khoma linatiuza kuti mwini nyumba alimo, wangozimitsa wailesi. A Saluni anakhala pa sitepe mpaka miyendo inachita dzanzi, kenako anapita. Loweruka linalo anabweranso. Pano anasiya. Kamodzi yekha ndi amene amatsegulidwa, poti mwana ndi mwana. Amabwera ndi mankhwala opaka padzanja, amakhala, amacheza za kuntchito, ndipo za kwa agogo sazitchula.

Apongozi anaimba foni patapita masiku. Iwo amalankhula mokuwa chifukwa makutu nawo ayamba, ndiye sitinavutike.

"Mwana wanga, unachoka osatsanzika. Wakwiya?"

"Ayi, amayi. Mutu unandipweteka."

"Usatitaye. Iwe ndiwe wathu, zimene zija ndi za mipando chabe. Tamvera ndikuuze. Amalume ako a mpunga aja sakupeza bwino masiku ano, miyendo yatupa. Sindikuwafunira zoipa ayi, ndi mlongo wanga. Koma ukaleza mtima mpando upezeka. Uyambiretu kuphunzira mpunga wawo uja."

"Ndamva, amayi."

"Chaka chamawa ubwerebe. Ana anakukonda pakhonde paja."

"Ndamva, amayi. Mumwe mankhwala."

Anaika foni pansi. Tinadikira kuti timva kulira, kapena mbale ikusweka. Tinangomva akukoka mpando, n'kukhala.

Shopu yochapira ija sitseka pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, chifukwa mahotela amatumiza nsalu za patebulo milumilu. Chaka chilichonse abwana a pamenepo amachita kupempha ndi kunyengerera kuti apeze wotsala pa tsikulo, aliyense ali ndi kwawo kokadya. Tsiku loyamba kutsegulira chaka chatsopano, Anasimbi anafika m'mawa, anapachika chikwama, n'kupita kukaima pa kauntala.

"Bwana, tchuthi chikubwerachi mundiike ine."

Abwanawo anatsitsa magalasi. "Chiti, mayi? Chaka changoyamba kumene."

"Chomwecho. Ndanena msanga kuti wina asanditsogolere."

"Nanga kubanja kuja mumapita kuja?"

"Kuli anthu okwanira," anatero Anasimbi. "Tandipatsirani malaya awo, eni ake abwera masana."